Dzanja Langa Linataya Ndowa ya Uchi

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndi dzanja lomwelo limene landichititsa manyazi, choncho mukaona zilembo zikupendekera mbali imodzi musadabwe. Ndine mayi wa zaka makumi asanu ndi zitatu, ndipo ndimakhala m'mudzi wina kuseri kwa Chiputo, kumene galimoto limafika m'chilimwe mokha. Tsamba lanu limatipeza mochedwa, akabwera nalo akatekista, koma ndimaliwerenga lonse. Ndinaona kuti mumayankha ngakhale za m'thupi, n'chifukwa chake ndalimba mtima.

Ine ndi amuna anga, a Raul, timaweta njuchi. Tili ndi ming'oma ya makungwa makumi atatu ndi umodzi, yopachikidwa m'mitengo ya mtondo ndi mombo kuphiri, ulendo wa maola awiri wapansi. Ntchito timagawana chonchi. Iwo amakwera mumtengo ndi muuni wofukizira utsi. Ine ndimatsala pansi ndi chingwe chimene timachiponya panthambi. Tikamapachika mng'oma watsopano, ndimakoka chingwe, mng'oma n'kumakwera, ndiye ukafika pamwamba ndimaugwira uli lende mpaka iwo ataumanga. Tikamafula uchi, ndimakweza ndowa yopanda kanthu, ndimaigwira pambali pawo iwo akuikamo zisa, ikadzaza ndimaitsitsa pang'onopang'ono mpaka itakhala pansi ngati khanda logoneka.

Ntchito imeneyi ndaigwira zaka zoposa makumi atatu. Ndinaiyambira ku Zambia, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo. Tsiku lina ndikutola nkhuni kutchire ndinamva mawu kuchokera kumwamba akuti, “Pepani achemwali, mungandigwirireko chingwe? Mnzanga wathawa njuchi.” Nditayang'ana ndinaona munthu wowonda, diso limodzi litatupa, atakhala panthambi. Ndinatula nkhuni zanga n'kugwira. Chaka chotsatira tinakwatirana, ndipo nkhondo itatha tinabwerera kuno ndi mwana kumbuyo, mphika umodzi, ndi chingwe.

Aphungu, pali chinthu chimene sindinauzepo munthu. Kunyumba a Raul ndi munthu wa mawu ochepa. Si wankhanza ayi, koma tikhoza kutha tsiku lonse atangonena kuti “Mwadzuka bwanji” ndi “Zikomo, ndakhuta.” Koma akakhala pamwamba pa mtengo, pamene sitikuonana nkhope, pakamwa pawo pamatseguka. Mawu amangotsika okha pamodzi ndi utsi. Kumeneko n'kumene anandiuza za mkulu wawo amene anasowa pankhondo. Kumeneko n'kumene tinalira bwinobwino mwana wathu wachiwiri, Benedito, patatha chaka chathunthu chimuikireni m'manda. Iwo ankalira kumwamba, ine pansi, njuchi zikungoimba pakati pathu.

Sindidziwa ngati munakhalapo m'nkhalango mitondo ikamachita maluwa. Phiri lonse limalira ngati anthu akung'ung'udza nyimbo m'tchalitchi cha kutali. Ukayang'ana kumwamba, dzuwa limadontha m'masamba, njuchi n'kumadutsa m'kuwalako ngati fumbi lagolide. Ine ndimaima pansi, khosi litapindikira kumbuyo, chingwe chili m'manja, ndipo ndimadziwa zonse zimene akuchita pamwamba ngakhale sindikuwaona. Akaika chisa m'ndowa ndimachimva m'zala. Akasuntha phazi ndimamva. Nthawi zina ndimaiwala kuti ndili ndi zidzukulu. Ana athu anakula, Elsa anakwatiwa ku Tete, Tiago ali kutsidya kwa malire, ndipo nyumba inatsala ya zii. Ukwati wathu umakhala kuphiri kuja.

Tsono mwezi wa Fevereru, mvula ili pachimake, ndinkachokera kuchigayo nditasenza ufa. Powoloka kamtsinje ndinaterereka pamwala, n'kutsamira dzanja lamanja. Ndinamva kuti thyo! pamene timavala chibangili. Tinatenga masiku awiri kuti tifike kuchipatala chifukwa cha matope. Anandiika jeso, chikhakha chija choyera, kuyambira m'zala mpaka pafupi ndi chigongono, ndipo ndinakhala nacho masabata asanu ndi limodzi. Tsiku limene anachidula sindinauzindikire mkono wanga. Unali wowonda ngati kamtengo ka chinangwa, khungu likusupuka, ukununkha ngati wa munthu wina.

Pachipatalapo panali mayi wina wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo, amene amati a fizioterapiya. Anandipinda dzanja uku ndi uku, kenaka anati, “Mayi, mukafika kunyumba muzikankha khoma ndi chikhatho, osasuntha, muziwerenga mpaka khumi. Pakapita masiku muyambe kunyamula garafa, botolo lodzaza madzi, koma potsitsa muzichedwa kuposa pokweza. Mubwerenso pakatha mwezi.” Ndinavomera mwaulemu, koma mumtima ndinkati, khoma silisuntha, dzanja silisuntha, nanga mphamvu ilowera pati? Ndinayesa masiku awiri. Tsiku lachitatu mlamu wanga Edite anandipeza ndikukankha khoma la khitchini, n'kuseka mpaka kukhala pansi. Anati, “Alamu, nyumbayi yakulakwirani chiyani?” Ndinalekera pomwepo. Kuchipatala sindinabwererenso, ndi kutali. Ndinkati ntchito zapakhomo zilibwezeretsa lokha dzanjali. Panopa ndikaganiza ndimaona kuti chilichonse cholemera ndinkachinyamulira kumanzere osadziwa.

Mwezi wa Junyu unafika, nthawi yofula. A Raul anandifunsa kamodzi kokha kuti, “Mayi a Elsa, dzanjalo litha?” Ndinati litha. Tinanyamuka m'mamawa kukuzizira, nkhungu itagona m'zigwa ngati thonje. Ndinali wosangalala ngati mtsikana. Tinayamba n'kupachika mng'oma watsopano, ndipo ndinaukweza bwinobwino, dzanja silinadandaule. Ndinati basi, ndachira.

Kenaka tinafika pamtondo waukulu, pamene pali mng'oma umene tinaudumpha chaka chatha. Uchi unali wochita kusefukira. Ndinakweza ndowa n'kuigwira, iwo n'kuyamba kudula zisa. Ndipo anayamba kulankhula. Anayamba nkhani ya mayi awo owabereka, amene anamwalira panjira pothawa nkhondo, ine ndisanawadziwe. Zaka zonsezi sanawatchulepo dzina. Tsiku limenelo anayamba kundiuza mmene mayiwo ankaimbira posinja, mtundu wa nsalu imene anavala tsiku lonyamuka, ndi mtengo umene anapumira pansi pake. Ankalankhula pang'onopang'ono, akudula chisa, kuima, kudulanso. Ndowa inkangolemerabe. Mkono wanga unayamba kutentha, kenaka kunjenjemera kuyambira m'zala mpaka m'phewa. Ndikanatha kufuula kuti bambo a Elsa, ndatopa. Koma Aphungu, munthu wadikira nkhani zaka makumi atatu, angaidule pakati chifukwa cha mkono? Ndinaluma mano n'kugwirabe.

Ndowa itadzaza anati, “Tsitsani kaye, ndipitiriza.” Ndinamasula chingwe kamodzi, kawiri. Kachitatu zala zakumanja zinangotseguka zokha. Sindinazitume ayi. Chingwe chinathamanga m'chikhatho chakumanzere n'kundisupula khungu lonse, ndowa inamenya nthambi imene iwo anapondapo, muuni unagwa, ndowa nayo khu! pansi. Utsi utachoka, njuchi zinawavumbulukira kumaso. Ndinawaona akupendama, dzanja limodzi lili m'malere. Sindidzaiwala. Mwa chisomo cha Mulungu anakumbatira thunthu n'kutsetsereka nalo mpaka pansi, chifuwa chonse chitakalika, nkhope itayamba kale kutupa.

Sanandikalipire. Titathawira patali anatenga dzanja langa, analiyang'ana, anang'amba malaya awo n'kundimanga. Uchi tinausiya ukulowa mumchenga. Tinayenda maola awiri aja kubwerera kunyumba, ndipo nkhani ya mayi awo inathera pansi pa mtengo umene anapumira. Sindikudziwa kuti kenaka chinachitika n'chiyani.

Chinanso chodabwitsa n'chakuti tsiku lotsatira mikono inkangomveka kulemera, koma tsiku lachiwiri ndinadzuka ndikulephera ngakhale kumanga nsalu m'chiuno. Ululu unagwira mikono yonse iwiri, ngakhale wakumanzere umene sunathyoke, mpaka kumsana m'munsi mwa mapewa. Edite anati minofu yang'ambika, dzanja lafa, tipite kwa asing'anga akanditemere mphini. Ndinakana. Patatha masiku asanu ululuwo unachoka wokha, monga mmene unabwerera.

Ming'oma yotsala a Raul anakafula ndi mng'ono wawo Matias. Ndipo Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi anandiuza, maso ali kunjira, kuti, “Pokafula uchi wa Novembru ndipitanso ndi Matias. Inu mupumule.” Ndinati chabwino. Tsiku lina ndinamufunsa Matias mochenjera kuti kodi kuphiri amacheza zotani ndi akulu ake. Anaseka n'kuti, “Achimwene? Amangoti koka, gwira, tsitsa. Basi.”

Masiku ano masana ndimakhala pakhonde. Njuchi zimabwera kudzamwa madzi pakamwa pa mtsuko, ndipo ndimaziyang'ana mpaka maso kuchita chidima. Ndimaganiza kuti mwina ndi zathu, zachokera kuphiri. Ndikatsinzina ndimaona masamba aja akudontha dzuwa, ndimamva chingwe chikulemera m'zala, n'kudzidzimuka nditakunga chibakera pamwendo. A Raul amakhala chapomwepo akusema mpini, tonse chete, ngati anthu awiri odikira galimoto limodzi.

Ndithandizeni, Aphungu. Dzanja limene linakweza mng'oma linalephera bwanji kutsitsa ndowa, pamene kutsitsa ndinkayesa kuti si ntchito? Kugwira chinthu chosayenda kungatopetse bwanji munthu chonchi? Ululu wobwera patapita masiku awiri uja, kodi sukusonyeza kuti m'katimu mwaonongeka? Nanga za kukankha khoma zija, ndi mankhwala enieni kapena ankangondichotsa pamzere? Pamsinkhu wangawu, mphamvu ikachoka imabweranso?

Ndikuululireninso ichi. Ndabisa chingwe chakale kuseri kwa nkhokwe. Ndikuganiza zoti tsiku lina iwo akapita kudimba, ndipite ndekha kumtondo uja, ndikaike miyala m'ndowa, ndikayese ngati ndingaitsitse. Ikatheka ndidzawauza. Ikalephereka palibe adzadziwe, ndipo ndidzaleka kulota.

Ndine wanu wothedwa nzeru,
L. J., Chiputo

Mayi L. J.,

Dzanja lanu silinafe, ndipo chingwe chili kuseri kwa nkhokwecho chisiyeni pomwepo mpaka mutamaliza kuwerenga. Ine ndinaphunzitsa masewera olimbitsa thupi kusukulu zaka zambiri, ndipo kalata yanu ndaionetsanso kwa mnzanga wa fizioterapiya. Tonse tagwirizana chimodzi: zimene zinachitika pamtondo paja zili ndi chifukwa chomveka, ndipo zimakonzeka.

Yambani ndi ichi. Mnofu umadziwa ntchito imodzi yokha, kukoka. Sudziwa kukankha. Koma kukokako kuli mitundu itatu, ndipo inu mwakhala mukuichita yonse kwa zaka makumi atatu osadziwa maina ake.

Mukamakweza mng'oma, mnofu umakoka n'kuugonjetsa katunduyo, ndipo umafupika. Pindani mkono muone katumba akutukumuka, ndi zimenezo. Achipatala amati konsentrika. Uku ndi kumene aliyense amakutcha ntchito, chifukwa kumaoneka ndi maso.

Mukagwira ndowa ili lende, mnofu ukukokabe mwamphamvu, koma mphamvu yake yangofanana ndi kulemera kwa ndowa, ndiye palibe chikuyenda. Amati izometrika. Anthu amakupeputsa, koma kumatopetsa msanga, chifukwa mnofu ukaumirira chonchi umafinya timitsempha ta magazi todutsa m'kati mwake, magazi n'kumalowa movutikira. N'chifukwa chake munamva kutentha, kenaka kunjenjemera. Kunjenjemerako sikunali matenda. Mkono unkakuuzani kuti watsala pang'ono kutha.

Ndipo mukamatsitsa, musaganize kuti mnofu wapuma. Ukanapuma, ndowa iliyonse ikanamagwa ngati ija. Umakokabe, koma ukulolera kutalika pang'onopang'ono, monga mabuleki a njinga pamtsetse. Amati esentrika. Kulinso mtundu wina umene amachitira pamakina m'zipatala zikuluzikulu, koma umenewo inu simukuufuna.

Tsono onani zimene zinachitika. Mng'oma wopanda kanthu ndi wopepuka, ndipo munaukweza mkono usanatope. Ndowa ya uchi wa zaka ziwiri ndi nkhani ina. Munaigwira nthawi yaitali ikulemerabe, ndiye pofika potsitsa mphamvu inali itathera kale m'kugwira. Kunena zoona mnofu wabwino umatha kutsitsa katundu wolemera kuposa amene ungamukweze, koma wanu unafika pamenepo uli wotheratu. Chinanso, minofu imene imapinda zala siikhala m'zalamo. Imakhala pakati pa chigongono ndi dzanja, ndendende pamene panali jeso. Inagona masabata asanu ndi limodzi n'kuwonda, kenaka inu munaipumitsanso miyezi ina ponyamulira zonse kumanzere. Zala sizinakupandukireni. Munazituma ntchito ya chaka chatha zili ndi mphamvu ya mwana.

Ululu wa tsiku lachiwiri uja ndi wodziwika bwino. Ntchito yotsitsa, thupi likakhala kuti linaiwala, imasiya timabala tating'onoting'ono m'minofu, ndipo kupweteka kwake kumafika pachimake tsiku lachiwiri kapena lachitatu, n'kutha sabata isanakwane. N'chimodzimodzi ndi ntchafu zimene zimapweteka munthu akatsika phiri patapita nthawi. Thupi likamakonza timabalato, mnofu umalimbirako, ndipo ulendo wotsatira ululu umachepa. Umboni woti si fupa munaupereka nokha: unagwira mikono yonse iwiri, n'kuchoka wokha. Munachita bwino kukana mphini. Alamu anu akhoza kukhala okukondani, koma pa nkhani ya khoma anakusocheretsani. Mayi wa kuchipatala uja sankakuchotsani pamzere. Anakuyambitsani ndi kukoka kosasuntha chifukwa ndi kumene kumadzutsa mnofu popanda kuvutitsa mfundo yongochira kumene.

Mwafunsa ngati mphamvu imabweranso pamsinkhu wanu. Imabwera. Imabwera ngakhale kwa anthu okuposani ndi zaka makumi awiri. Koma imabwera ndi masabata, osati ndi tsiku limodzi lolimba mtima.

Choyamba, misewu idakali youma, bwererani kuchipatala. Akaone ngati fupa linalumikizana bwino, akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, ndipo muwauze kuti ntchito yanu ndi ya chingwe. Muwafunsenso za kulimba kwa mafupa anu, poti amayi a msinkhu wanu mafupa amayamba kufewa. Akakuuzani zosiyana ndi zanga, mverani iwo, chifukwa iwo aligwira dzanjalo, ine ndangoona zilembo zake.

Akakulolani, masabata awiri kapena atatu oyamba akhale a kugwira. Kankhani khoma ndi chikhatho, muwerenge mpaka khumi, mupume, mubwereze kasanu. Pindani kansalu n'kukafinya m'dzanja chimodzimodzi. Ikani chikhatho kunsi kwa tebulo n'kukankhira m'mwamba ngati mukufuna kulinyamula. Musathere mphamvu zonse, theka ndi lokwana poyamba. Ndipo muziwerenga mokweza mawu, kuti musagwire mpweya. Kugwira mpweya pokankha kumakweza magazi, ndipo kungakuchititseni chizungulire.

Kenaka tengani garafa la theka la lita. Khalani pansi, mkono utsamire pantchafu, dzanja litulukire kubondo. Kwezani garafa ndi dzanja lokha mukuwerenga mpaka ziwiri, tsitsani mukuwerenga mpaka zisanu. Chitaninso chimodzimodzi popinda chigongono. Kakhumi, kupuma, kakhuminso. Likayamba kupepuka, tengani la lita, kenaka la malita awiri. Muzichita tsiku limodzi, lotsatira kupuma, chifukwa mnofu umakula tsiku lopumalo. Mikono ikalemera pang'ono m'mawa mwake musaope. Muzidya nyemba, mtedza, mazira, ndi tinsomba ta kapenta tikapezeka, poti mnofu sumangidwa ndi mphepo. Ndipo dzanja lamanja libwerere pantchito zake zapakhomo, muleke kulibisa.

Pakatha masabata asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, ndiye mukatenge chingwe chija. Muchiponye panthambi yaifupi ya mtengo wapakhomo, ndowa isakwere kupitirira mutu wanu. Muikemo madzi malita atatu, osati miyala. Kwezani, gwirani mukuwerenga mpaka makumi awiri, tsitsani pang'onopang'ono. Sabata iliyonse onjezani lita imodzi kapena ziwiri. Tsiku limene mudzagwire theka la ndowa kwa mphindi yathunthu n'kuitsitsa katatu zala zosanjenjemera, mwakonzeka kupita kuphiri. Ngati Novembru adzafike musanakwanitse, pitanibe, munyamule muuni ndi mpeni, Matias agwire chingwe, inu mudikire Junyu. Nkhalango sinakuthamangitseni.

Kuphiri komweko musinthe kagwiridwe. Chingwe muzichizunguliza kamodzi kapena kawiri pathunthu la mtengo wapafupi, kuti thunthulo lizinyamula kulemera, inu muzingowongolera. A Raul akamadula zisa, muzichimanga ndithu pathunthupo, manja apume. Ndowa izitsika ili theka, maulendo awiri m'malo mwa umodzi. Muvale magolovesi kapena mukulunge nsalu m'zikhatho, ndipo muziima pambali, osati pansi pa ndowa. Chingwe chikamangidwa, munthu akhoza kufotokoza nkhani mpaka dzuwa kupendeka, inu mutakhala pamwala.

Tsopano za amuna anu. Mwawerenga mawu akuti “mupumule” ngati kalata yokuchotsani ntchito. Ine ndikuwerenga mwina. Munthu amene anatsika mumtengo nkhope itatupa, chinthu choyamba n'kuyang'ana chikhatho chanu, si munthu wokwiya. Ndi munthu wochita mantha, ndipo mwina akudziimba mlandu kuti analankhula nthawi yaitali mkazi wake akuvutika pansi. Inu mukuti munawagwetsa, iwo akuti anakupwetekani, ndipo nonse mwakhala chete pakhonde limodzi. Wina ayenera kuyamba, ndipo wolemba kalata ndinu. Auzeni zoona zake, kuti mkono unayamba kunjenjemera kalekale koma simunafune kudula nkhani ya mayi awo. Poti amalankhula bwino pamene simukuonana nkhope, musawakhazike pansi n'kuwayang'ana m'maso. Auzeni mukuyenda, wina patsogolo wina pambuyo, panjira ya kudimba. Kenaka muwapatse ntchito. Akhale iwo khoma lanu: atambasule chikhatho, inu muzikankha, iwo aziwerenga. Akhale iwo othira madzi m'ndowa. Munthu amene waona ndi maso ake malita akuwonjezeka sabata ndi sabata simudzavutika kumutsimikizira kuti mwachira.

Lekani zonse n'kupita kuchipatala mukamva ululu wobaya pamene panathyoka, dzanja likatupa kapena kusintha mtundu, zala zikachita dzanzi kapena kuyaka ngati moto, kapenanso mkodzo ukada ngati tiyi pambuyo pa ntchito yolemetsa. Zimenezo si kutopa wamba.

Pomaliza, ndikuchenjezeni mosapsatira. Kuphiri nokha musapiteko. Ndowa ya miyala, mtengo wautali, njuchi zimene zinakwiyitsidwa kale, ndi mayi wa dzanja limodzi lofooka pa mtunda wa maola awiri kuchokera kwa anthu, pamenepo palibe mayeso, pali ngozi. Ndiponso mukalephera tsiku limenelo mudzakhulupirira bodza, chifukwa dzanja la lero silinganene za dzanja la Novembru. Ndipo kulikonse kumene mudzagwire chingwe, kunyumba kapena kuphiri, musadzachikulunge padzanja kuti chisapulumuke. Zala zikadzafunanso kutseguka, zisiyeni zitseguke, mufuule kuti a pamwamba agwiritse, ndowa igwe. Uchi wotayika anthu amaudandaula sabata imodzi. A Raul atha kupirira kutaya ndowa ina, koma sangapirire kukunyamulani kuchokera kuphiri.

Aphungu